Tambala wa Amalume Sawai Ali Pakhonde Panga

Suphanburi, Thailand
Febuluwale

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likuti bwanji? Paja munati mvula ikalimbika limakusowetsani mtendere. Ife kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndingayambe kulira musanamve mutu wa nkhani, komanso Nthambi amakhala ali pomwepo kutchera khutu. Chichewa chimamuvuta kuyankhula, koma mawu oti kupita kumudzi amawamva bwino kwambiri.

Ntchito kusukulu ikuyenda. Kutentha kwayamba msanga chaka chino, moti ana amangosinza m'kalasi, nanenso ndimawasilira. Nthambi watalika, nsapato zija munamutumizira zayamba kale kumuluma.

Tsono nayi nkhani. Mukuwakumbukira amalume Sawai, bambo wachikulire uja ndinakutumizirani chithunzi chake atamukweza Nthambi panjinga? Nyumba yawo ndi yathu zimalekana ndi kampanda ka waya. Iwo amaweta atambala omenyanitsa, aliyense m'dengu lakelake lovundikira. Amawasambitsa ndi nsalu yofunda m'mawa uliwonse, kuwapaka chikasu ndi kuwayankhula ngati ana. Kulira kwawo ndinakuzolowera kale, ngakhale chaka choyamba ndinatsala pang'ono kupenga. Chimene sindinachizolowere ndi tambala mmodzi wofiira dzina lake Moto, amene iwo amamukonda kuposa onse. Akamutsegulira kuti awongole miyendo, iye amangouluka kudzatera m'kadimba kanga.

Mukudziwa zimene zili m'kadimba kameneko. Ndi nthanga za maungu ndi khobwe zija mayi anandimangira m'kansalu ulendo wanga womaliza iwo ali moyo. Chaka chilichonse ndimadzala, kudyako masamba, n'kusunga mbewu. Amalumewa ndinawauza mwaulemu kangapo konse kuti tambala wawo akundithera ndiwo. Iwo ankangoseka, amvekere si kanthu aphunzitsi, nkhuku ndi nkhuku, madzulo n'kunditumizira mango. Mangowo ndinkadya, koma Moto sanasiye.

Loweruka lina ndikuchokera kumsika ndinapeza wapalasa zonse. Timbewu tonse tinali titazulidwa, ndipo lichero limene ndinayanikapo nthanga zotsala linali litagudubuzika, nthangazo zina wadya, zina wazimwaza m'fumbi. Iye anali ataima pakati pa dimba, chifuwa patsogolo ngati walipira lendi. Achemwali, mutu unandizungulira. Ndinamugwira, n'kumumanga mwendo ndi chingwe choyanikira zovala pamzati wakuseri.

Ndinachita monga momwe bambo ankachitira mbuzi za eni zikalowa m'munda. Umaimangirira pamtengo, mwini wake amabwera, mumakambirana, amapepesa, n'kuiwombola. Ndinatulutsa ngakhale mpando ndi madzi akumwa kuti akabwera tikhale pansi. Sanabwere, chifukwa anali atapita kuchipatala ndi akazi awo, ine osadziwa. Nthawi ya kalasi yapadera ya Loweruka masana itakwana ndinatseka geti n'kunyamuka, ndili ndi mtima woti tikambirana pobwera.

Pobwera ndinapeza kanjira kathu kadzaza anthu. Amalume atabwerako n'kupeza Moto palibe, anaganiza kuti wabedwa, pakuti tambala ameneyu mtengo wake umaposa njinga yamoto. Anazungulira midzi iwiri ndi anzawo, anakangana ndi munthu wina amene ankamukayikira, mpaka anakanena kupolisi. Ine ndinangoti tambala ali kwanga, bwerani. Tinamupeza atagona chammbali. Analimbana ndi chingwe tsiku lonse, chinamudula mwendo mpaka kutupa. Dziwani kuti amayenera kukamenyana sabata yotsatira, ndipo azibambo a m'kanjira muno anali ataika chiyembekezo chawo pa iye.

Amalume sanandikalipire. Anamasula chingwe pang'onopang'ono, anamufunditsa Moto nsalu yawo yapaphewa, anandiyang'ana n'kumwetulira. Kumwetulira kumeneko, kuli bwino munthu angokutukwana. Wapolisi amene anabwera nawo anatembenuka kuti asaoneke kuti akuseka.

Kuyambira tsiku limenelo kanjira kanazizira. Palibe anandinyoza. Moni ankayankha, koma maso ali kwina. Wogulitsa madzi anayamba kudutsa pageti pathu ngati palibe nyumba. Ana amene ankadzamuitana Nthambi kukasewera anasiya, iye n'kumangokhala pakhonde kupinda mapepala. Kenaka kunabwera mayi Wilai, eni nyumba, amene ndi mwana wa achimwene awo a amalume Sawai. Anabwera ndi makeke, anakhala bwinobwino, n'kunena kuti denga likufunika kukonza, ntchito yake itenga nthawi yaitali, ndiye kuli bwino ndiyambe kuyang'ana kwina sukulu ikamatseka kumapeto kwa Malichi. Denga limenelo anakhoma chaka chathachi, ine ndikuona.

Apa ndiye pagona mantha anga. Nyumba si nkhani, munthu ndikhoza kugona paliponse. Koma zipinda zimene sukulu imapereka kwa aphunzitsi akunja salola ana. Nyumba zina zimene ndafunsa, pa foni amati ilipo, ndikafika n'kundiona nkhope amati yangotengedwa kumene. Komanso muno ndi mmene muli azakhali Bunmi, aja ogulitsa chakudya pakona, amene amamusunga Nthambi ine ndikamaphunzitsa mpaka madzulo. Anamulera kuyambira akukwawa. Tikachoka m'kanjira muno, ndilibe pomusiya mwana, ndipo ndikasiya ntchito, chilolezo chokhalira m'dziko muno chithera pomwepo. Chotsala n'chakuti iye abwere kwanu, ine nditsale kuno ndekha.

Kumapeto kwa kanjira kuno kumakhala bambo Hendrik, mzungu wa ku Holland wopuma pantchito. Iye ndiye anakondwa atamva, akuti tsopano tili awiri. Chaka chatha anajambula kulira kwa atambala pa foni, n'kukadandaula kuofesi ya boma. Anthu a kuofesiko anabweradi, anamwa madzi ozizira ndi amalume Sawai, anasilira atambala, n'kubwerera. Kuyambira pamenepo aliyense wofunsa nyumba ya bambo Hendrik amauzidwa kuti sitikumudziwa, moti katundu wake amabwerera kumene wachokera. Anandilangiza kuti ndipeze loya, ndijambule dimba, ndisapepese chifukwa wolakwa ndi mwini nkhuku. Mumtima ndinagwirizana naye, sindikubisirani. Koma ndinamuyang'ana mmene amadyera yekha pakhonde tsiku lililonse, ndipo ndinati zikomo, ndiganizira.

Ndinapita kwa azakhali Bunmi m'malo mwake. Anandisiya ndikuyankhula mpaka mawu anandithera, iwo akungodula anyezi. Atatero anati mwendo wa tambala upola, umenewo si mlandu. Mlandu ndi wakuti mkulu uja anazungulira midzi kutchula anthu kuti ndi akuba, pamene tambala ali kuseri kwa mpanda wake atamangidwa ngati thumba la makala. Akuti pano akapita kumsika anzake amamufunsa ngati wayang'ana kaye kwa aphunzitsi. Ine ndinapsa mtima, ndinati nanga mbewu za mayi anga, zimenezo zilibe manyazi? Iwo anaika mpeni pansi, amvekere mbewu za ndani? Nditawafotokozera anandimenya paphewa ndi nsalu yopukutira mbale. Anati iwe mwana wouma mutu, zaka zonsezi umangoti ndiwo, ndiwo, munthu n'kumayesa ukulirira masamba amene kumsika amangokuwonjezera ulere.

Anandiuza zochita. Ndigule nkhata ya maluwa ndi dengu la zipatso, ndivale zoyera, tipite limodzi m'mawa pamene anzawo a amalume amasonkhana kusambitsa atambala. Ndinafunsa ngati sitingapite pamene ali okha. Iwo anati manyazi anawagwira pagulu, ndiye achokenso pagulu.

Tinapita Lamulungu. Panali azibambo angapo atakhala pamabenchi, ndipo nditangolowa onse anatembenuka kundiyang'ana. Kugwada sikunandivute, mayi anatiphunzitsa bwino. Ndinapereka nkhata ija ndi manja awiri, ndinapepesa chifukwa cha mwendo ndiponso chifukwa chowazunguliritsa midzi. Amalume anapitiriza kupukuta tambala wina ngati sakumva. Mawondo anayamba kuwawa pasimenti. Bambo wina anaseka chapansipansi, n'kunena kuti aphunzitsi asamale, chingwe chili pafupi. Ndinaluma mlomo.

Azakhali Bunmi ndiwo anatchula za mbewu. Amalume anasiya kupukuta. Anandifunsa kuti mayi anamwalira liti, ndinawauza. Anafunsanso ngati ndinapita kumaliro. Ndinati ayi, ndinamva ali kale m'manda. Apo misozi inanditsika pamaso pa azibambo onse aja, ine amene ndinalumbira kuti sindilira.

Sananene kuti ndakhululuka. Analandira nkhata n'kuipachika pamsomali. Kenaka ananyamula Moto ndi dengu lake, anatuluka pageti pawo, n'kukamuika pakhonde panga, tonse tikuwatsatira. Anati chichitikireni zija tambalayu sanalirepo, ndipo amakana kudya m'manja mwawo, ndiye amene anamumanga ndi amene ammasule. Anandionetsa kasambitsidwe kake, kapakidwe ka chikasu pabala, ndi kamwetsedwe kake. Ndinalimba mtima n'kufunsa za denga. Iwo anati denga silithawa, tiyambe tamva tambala.

Ndiye ndi mmene zilili, achemwali. Mng'ono wanu amene anakana kuweta nkhuku kumudzi chifukwa cha zitosi, pano amadzuka m'mamawa kutenthetsa madzi osambitsira tambala. Manja anga ndi achikasu mpaka ana kusukulu amafunsa ngati ndikudwala. Moto wandijompha kosawerengeka, ndipo amandiyang'ana ndi diso limodzi ngati akudziwa kuti moyo wanga uli pakhosi pake. Bala lauma, wayamba kuponda pansi ngakhale akutsimphina. Mpunga akudya. Koma kulira, ayi. Atambala ena onse akayamba phokoso kuseri kwa mpanda, ine ndimakhala chilili pakhomo kumuyang'ana. Dzana anakupiza mapiko, anatambasula khosi, anatsegula mlomo, ndipo ndinamva tsache la amalume likuima kutsidya. Sipanatuluke kanthu. Tsache linayambanso kusesa.

Bambo Hendrik akadutsa amagwedeza mutu, akuti andisandutsa wantchito wa nkhuku. Mwina akunena zoona. Ineyo mpaka lero ndimaonabe kuti munthu amene chiweto chake chawononga mbewu za mnzake ndiye woyenera kuyamba kupepesa, ndipo zimandiwawa kuti ndinagwada ndine. Koma kukhoza mlandu sikungandilerere mwana.

Pempho langa ndi limodzi. Mukawaone aphunzitsi aakulu kusukulu kumene kumapita ana anu, muwafunse ngati angamusungire Nthambi malo mu sitandade folo teremu ikubwerayi. Mungofunsa mwakachetechete. Ana anu musawauze, angamuuze pa foni, pakuti iye sakudziwa kanthu. Akuyesa kuti Moto wabwera kudzacheza, ndipo amamuimbira nyimbo kuti achire. Mayi Wilai sanabwerenso kudzanena kuti ndikhale kapena ndichoke, ndipo Malichi ali pakhomo.

Koma yunifolomu musasoketse kaye. Lero m'mawa ndikutaya madzi osambitsira, ndinaona dengu limodzi la atambala lili lokha kutsidya kwa mpanda, m'munsi mwenimweni mwa waya, pamalo pamene amalume saikapo nkhuku. Ndinasuzumira kuti ndione tambala wake, koma munalibe tambala. Munali kambewu ka dzungu ka masamba awiri, kamene kamera pa nthanga ina mwa zija Moto anazimwaza. Nthaka yake inali yonyowa, wina anali atathirira kumene. Amalume anali chapatali atandifulatira, akupukuta tambala, ndipo sanatembenuke. Ndinangogwira waya uja mpaka Nthambi anandiitana kuti tichedwa kusukulu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti asandiseke kwambiri akamva kuti ndikulera tambala. Moni kwa ana onse, kwa azakhali a ku Bembeke, ndi kwa amalume athu kumudziko ngati makutu awo akumvabe. Mukapita kumanda kukalambula, mukawauze mayi kuti dzungu lawo lamera kwa eni, ndipo likusamalidwa. Nthambi akuti ndikuuzeni kuti nsapato zikhale zofiira.

Mutikumbukire m'mapemphero, ndipo mukamva tambala akulira kwanuko, mupempherereko wathuyu.

Ndine mng'ono wanu,
Ndaziona