Mizere Isanu Yopanda Kanthu

Lolemba, 3 Febuluwale

Fomu ya ku yunivesite yovuta kulowa ija yafika. Mzime wanga waidzazira mu shopu, pakati pa zikho. Magiredi bwino. Tsamba lachinayi ndiye mutu waukulu: "Mphoto zimene munalandira." Mizere isanu. Iye alibe ndi imodzi yomwe.

Zaka makumi awiri ndikuzokota mayina a ana a eni pa zikho ndi mamendulo. La wanga ayi. Anzake akamapita ku mipikisano iye amakhala pano, mutu uli m'makina anga, girisi mpaka m'zigongono. Womulekerera ndine. Zikundiwawa.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Wa famase, wogulitsa mankhwala uja, wabwera kudzapukutitsa zikho za mwana wake, zisanu ndi ziwiri. Mwanayo nayenso akufunsira malo komweko. Akuti, "Popanda izi, achimwene, fomu saiwerenga n'komwe." Munthu wake ndi uja wodziwa zonse, ngakhale mvula ya chaka chamawa. Komabe zandilowa.

Atachoka ndatenga chikho chapakatikati, chosadzionetsera. Ndazokota dzina la mwana wanga. Woyamba, Mpikisano wa Sayansi, chaka chatha. Ntchito yaukhondo, sindinama. Ndachibisa kuseri kwa makatoni. Maganizo anga: achijambule, chithunzi chipite limodzi ndi fomu.

Loweruka, 8 Febuluwale

Wachipeza ndisanamuuze. Amafunafuna sipanala.

Sanakalipe, bola akanakalipa. Wangoti, "Ababa, ndiye kuti zanga zenizeni mwaziona kuti n'zoperewera?" Wachiika pa kauntala, wapita kunyumba wapansi.

Mayi ake anditsuka mokwanira. Akuti a yunivesite akanangoimba foni kamodzi kusukulu, mwana akanamufufuta pa mndandanda, dzina n'kuipiratu. Zimenezo sizinandibwerere m'mutu. Ine ndimangoganiza zoti zilembo ziwongoke.

Kachitsulo ka dzina ndakamatula, ndakapala mpaka mbee. Mwayi wake fomu inali isanapite.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndatseka shopu ola limodzi, ndapita kwa aphunzitsi ake a fizikisi. Za chikho sindinaulule, ndangofunsa za mizere ija. Aseka mpaka kuvula magalasi. Akuti mphoto zimathandiza ndithu, makamaka zikuluzikulu, koma oyamba ndi magiredi, kenako zimene mwana wachita ndi mutu komanso manja ake. "Ndatumizako ana anayi, bambo. Awiri analibe ngakhale mendulo yothamanga m'thumba."

Ndatuluka wopepuka, ndalonjera ndi anthu osawadziwa omwe.

Fomu yapita masana. Mizere isanu mbee. Pa tsamba lachisanu walemba momwe anakulungiranso waya wa mota ya makina anga itapsa, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ine ndimayesa imeneyo ndi ntchito ya pakhomo chabe, ngati kusesa. Ukaipa dziwa nyimbo.

Lachisanu, 14 Malichi

A yunivesite anamuitana kukacheza naye, wapita lero. Anthu atatu kuseri kwa tebulo. Za mphoto sanafunse ndi kamodzi komwe. Za mota, mphindi makumi awiri. Mayi wina wa imvi mpaka anamupatsa pepala kuti ajambule momwe anadziwira pamene panapsa.

Zonsezi ndamvera pa khomo la khitchini, akusimbira mayi ake. Kwa ine akadali "inde" ndi "ayi". Ulemu wonse ulipo, madzi osamba m'manja, moni wa m'mawa. Koma ku shopu sanapondeko chichokere tsiku lija. Makina ayamba kulira mwachilendo. Sindinamuuze.

Lachitatu, 23 Epulo

Amutenga.

Ndalemba, ndayang'ana, ndalembanso. Amutenga. Uthenga wandipeza ndili pakati pa mamendulo makumi anayi a mpira wa manja. Ndakhala pansi pa simenti. Kasitomala amayesa ndi shuga, wathamangira madzi.

Wa famase nayenso mwana wake amutenga. Wabwera kudzanena kuti ndi zikho zija. Ndamuvomera, lero sindingakangane ndi munthu.

Kunyumba mayi ake avina ndi chipande m'manja. Mwana wandigwira chanza, manja awiri, ngati mlendo wolemekezeka. Ndasangalala, mtima wakhala pansi. Koma chanza chimenecho.

Loweruka, 16 Ogasiti

Anyamuka mawa. Sutikesi ili kale pakhomo.

Cha m'ma teni ndamva chitseko cha shopu. Iye. Walunjika pa makina, wamvetsera, wapukusa mutu. "Mwakhala mukugwira ntchito ndi lamba wotereyu? Ababa inu." Theka la ola, phokoso lonse zii. Wandionetsa pothira mafuta, kawiri, ngati ndine wophunzira.

Kenako watulutsa kakyuleta yake m'chikwama. "Mundizokotere dzina kumbuyoku. Ku hositelo amaba."

Dzina lokha. Lopanda "woyamba", lopanda chaka.

Zaka makumi awiri dzanja ili silinaphonyepo. Chilembo chachitatu chapendama, chikuoneka ndi patali pomwe. Ndati ndipale ndiyambirenso. Walanda, wayang'ana, waseka koyamba chichokere Febuluwale.

"Isiyeni choncho. Aliyense akafunsa ndidzati ndi bambo anga."

Ndamuuza kuti fumbi la chitsulo landilowa m'maso. Wati makina amenewa satulutsa fumbi pa pulasitiki.