Kadole kali pansi pa ndowa

Bambo a Célia,

Mukaweruka ku mgodi simutipeza. Ndatenga mwana, tikukwera chapa, minibasi ija ya ku Zóbuè, kupita kwa amayi.

Chifukwa chake ndi tizidole tanu tija ta anthu a m'mafilimu a zam'mlengalenga, timene mumakaniza kutitsegula m'mapulasitiki mwake. M'mawa uno popukuta fumbi la malasha pa alumali, ndapeza tonse tatembenukira ku zenera loyang'ana ku Mithete. Ndikudziwa, munena kuti nyumba imagwedezeka akamaphulitsa miyala. Chabwino. Nanga kaja ka mutu wagalasi? Pulasitiki wake ngomata bwinobwino, koma mapazi ake ali ndi matope aawisi, m'kati momwemo.

Célia wakaloza n'kunena kuti, "Agogo akuti kumene anawagoneka kuja si kwawo." Mwana wazaka zitatu! Zoti manda a bambo anu anasamutsidwa kuchoka ku Mithete wazimva kwa yani? Ine sindinamuuzepo.

Pepani, katoni yake yapindika pakona, kanandipulumuka m'manja. Mudzandikalipire ku Zóbuè. Ndakavundikira ndi ndowa kukhitchini, pamwamba ndasanjikapo mwala wotsekera chitseko uja. Nyemba zanu zili pambali pake, ngati mtima wodya mukhale nawo.

Muwaimbire a Baptista, achimwene awo a malemu, lero lomwe, mukambirane zopita kumandako. Mukapeza mwala uli pansi, musayambe kusuzumira kunsi kwa bedi. Khomani chitseko muzibwera.

Koma musanakwere chapa, muyambe mwapisa m'matumba monse.

Isménia