Misozi ya Balbina

Madrid, 4 Malichi 1869

Mvula. Chigawo china cha nkhani yanga ndakapereka ku nyuzipepala. A Don Evaristo, akonzi, nkhope gwaa. Akuti, "Mayi Casilda, Balbina wanuyu ndi munthu kapena mwala? Meya wathawa kolera, iye watola ndodo ya umeya, chabwino. Koma mwana wake wafa m'mawa, masana ali pabwalo kugawa buledi? Alire, ndodo apatse mkulu wa asilikali uja, akwatiwe naye. Apo ayi, Loweruka la sabata yamawa nkhaniyi ndiidula."

Chaka chathunthu ndili ndi Balbina. Sindikufuna kumutaya chotere.

6 Malichi

Amuna anga a Anselmo pagalasi m'mawa wonse, kuyeserera zokanena ku Nyumba ya Malamulo. Kufunsa ine: "Kodi ndilire pamene ndikutchula dziko, kapena pa amasiye?" Ndinati pa amasiye.

8 Malichi

Analiradi, pa amasiye. Nyuzi zonse kuwatama, ati phungu wa mtima, woyenera unduna. Kunyumba anadya nkhunda ziwiri.

10 Malichi

Ndalemba. Balbina walira kuseri kwa tchalitchi, wapukuta m'maso, wabwerera ku ntchito ndodo ili m'manja. A Evaristo kuseka mpaka kutsokomola. "Ayi mayi, simunandimve. Mwamuna akalira timamuwonjezera mpando. Mkazi akalira timamuperekeza kunyumba. Owerenga anga si ana."

Ndinatenga mapepala anga. Ukwatiwo sindilemba. Aidule.

13 Malichi, Loweruka

Sanaidule. Amaliza okha, dzina langa pansi. Balbina wakomoka, wagwada, ndodo wapereka. Ukwati, mabelu. Chiganizo chimodzi chili ndi "mtima" kanayi.

Ndakwiya. Lolemba ndikawakana poyera, alembe m'nyuzi momwemo kuti mathero si anga.

14 Malichi

Pochoka ku Misa, apongozi anga a Doña Eulalia, nyuzi m'manja, maso ofiira. Chimwalirireni mwana wanga Pilarcita sanandikhudzepo. Lero kundikumbatira pakhomo pa tchalitchi, anthu akuona.

"Mwana wanga, pamaliro a mdzukulu wanga sunagwetse msozi, unali pakhomo kulandira anthu ngati pa phwando. Ndinkati ulibe mtima. Koma amene walemba izi analira. Ndakukhululukira."

Ndinangoti zikomo amayi.

15 Malichi, Lolemba

Ndavala, chipewa kumutu. Ku nyuzipepala si kutali. Apongozi atumiza uthenga, ati madzulo tipitire limodzi kumanda, koyamba.

Chipewa ndavula.