Apongozi akumwetsa mwamuna wanga madzi amene adokotala anati tizitaya

Aphungu,

Ndagwira njakata, ndithandizeni. Mwamuna wanga ndi telala, ndipo chaka chatha anamupeza ndi matenda a impso. Adokotala anati impsozo sizikusefanso bwino mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndipo ukachuluka m'magazi ungathe kuimitsa mtima. Anandiphunzitsa kaphikidwe: kuduladula masamba ndi mbatatesi, kuviika, kuwiritsa m'madzi ambiri, kenako kutaya madziwo chifukwa potaziyamuyo amatsalira momwemo.

Apongozi anga, mayi ake, anabwera kudzatithandiza miyezi iwiri yapitayo. Tsiku loyamba atandiona ndikukhuthulira madziwo mu sinki anagwira pakamwa. "Mayi a mwana, mphamvu yonse mukutaya, mwana wanga azidya zinyalala?" Ndinawafotokozera, anangoti chabwino. M'mawa mwake anati, "Thamangani kuntchito, nditaya ndine." Ine ndimaluka tsitsi mu saluni, makasitomala amalawira, ndiye ndinathokoza kuti ndapeza mayi.

Sabata yatha atamuyeza magazi, potaziyamu anali atakwera. Namwino anandiyang'ana ngati ndine wosamva, ndinachita manyazi. Loweruka ndikutsuka ziwiya ndinatsekula fulasiki imene apongozi amapititsa kushopu ya mwamuna wanga cha m'ma teni. Simunali tiyi, Aphungu. Munali madzi obiriwira aja, atathiramo ndi tomato. Miyezi iwiri yathunthu! Nditamufunsa mwamuna wanga anangozolika, amvekere, "Ndi mayi anga, amakhala pa benchi mpaka nditamaliza. Ndikanakana bwanji?"

Ndinapsa mtima, kenako ndinalira. Mayiwa si oipa. Anaika kale ana awiri m'manda, wamwamuna wotsala ndi yekhayu. Koma alamu anga ayamba kale kunong'ona kuti ndikum'mana m'bale wawo chakudya ndiye akuwonda. Ndikalankhula, ndine mkazi wamwano wothamangitsa apongozi. Ndikakhala chete, ndikhala namfedwa. Nditani?

E. N., wa kuseri kwa msika

E. N. mwana wanga,

Pepa, wasenza katundu wolemera wekha. Choyamba chotsa manyazi amene unachoka nawo kuchipatala aja, chifukwa iwe unachita zonse zimene anakuuza.

Kukhala chete ndiye ayi. Fulasiki imeneyo isapitenso kushopu kuyambira lero, ndipo usadikire tsiku limene anakulemberani kuchipatala. Pita ukawauze adokotala zimene wapeza, mwina afuna kumuyezanso msanga. Potaziyamu ndi wachinyengo, amatha kukwera munthu akuseka, akupalasa makina ake bwinobwino.

Tsopano za apongozi. Mwana sakulira nakubala. Kwa iwo telala wako wandevuyo akadali khanda lofunika kulimwetsa. Ndipo zimene amadziwa si zabodza: kwa munthu wa impso zabwino, msuzi wa masamba ndi wabwinodi. Anakulitsa ana ndi nzeru imeneyo, ndiye sangaitaye chifukwa chakuti wanena mkazi wa mwana wawo. Usawaimike pa mlandu kukhitchini. Woyamba kulankhula akhale mwamuna wako. Munthu amene amatha kuuza kasitomala kuti nsalu yachepa angathenso kunena kuti, "Amayi, madzi awa akundipweteka." Impsozo ndi zake, asabisale kumbuyo kwako.

Kenako muwatenge mayiwo kuchipatala. Akakhale pampando wakutsogolo, adokotala kapena katswiri wa zakudya akawaonetse zotsatira za magazi zija, za kale ndi za tsopano, akafunse okha mafunso awo. Mlamu mmodzi wolongolola kwambiri apite nawo, akamve ndi makutu ake.

Kumeneko ukapemphe akulembereni papepala zakudya zoyenera mwamuna wakoyo ndi muyezo wake, chifukwa odwala impso sakhala ofanana. Umate pepalalo pakhoma la kukhitchini kuti wolamula azikhala pepala, osati iwe. Masamba musasiye, thupi limawafuna, ndipo kudzimbidwa nakonso kumakweza potaziyamu. Kabichi, nkhaka ndi anyezi nthawi zambiri sizivuta. Zofunika kusamala nazo ndi sipinachi, mbatatesi, tomato wambiri, nthochi ndi mapeyala. Za kuwondako uwauzenso adokotala, pali zakudya zina zimene angamuwonjezere.

Ndikuchenjeze: achibale akamva za matendawa amabwera ndi zambiri. Wina abweretsa juwisi wa masamba osaphika, wina mankhwala azitsamba, wina mchere wa m'sitolo wolembedwa kuti ndi wa odwala, pamene wambiri wotere ndi potaziyamu yemweyo. Chilichonse chiyambe chadutsa kwa adokotala, ndipo mankhwala akuchipatala asasiye payekha. Ukamuona wafooka mwadzidzidzi, miyendo yalemera, milomo kapena zala zachita dzanzi, mtima ukugunda modumphadumpha, siya mutu wa kasitomala uli theka, thamangira naye kuchipatala.

Pomaliza, mayiwo usawalande mphika. Anayenda miyezi iwiri padzuwa ndi fulasiki poganiza kuti akupulumutsa mwana wawo, ndipo akadzamva zoona adzasweka mtima kuposa iwe. Tsiku limenelo usadzanene kuti ndinakuuzani. Udzawiritse masamba monga mwa masiku onse, uwapatse mphikawo m'manja, uime nawo pa sinki, ataye okha madziwo.

Aphungu