Malemu Ephraim Anakana Kutsika pa Lifiti

Area 23,
Lilongwe.

Wokondedwa mlongo wanga Beatrice,

Usanawerenge, samba m'manja ndipo ukhale pampando, chifukwa wakulemberayu si munthu wamba. Ndine Greenwell, Bwana Woyang'anira Nyumba Yosanjikizana ya m'tauni, mwini makiyi onse, amene ndikatsokomola alonda amaimirira.

Muli bwanji ku Ntcheuko? Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti mlamu wako akuti ndikuonda. Akunena zoona, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizanayo pankakhala bambo Ephraim ndi akazi awo, mayi Magret. Bambowo anadwala nthawi yaitali, ndipo mwezi wathawu anatisiya m'mawa. Abale anabwera kuchokera ku Kawale, patsogolo pali akulu awo a malemu, a Kings, munthu amene pa matenda onsewa sindinamuonepo pageti.

Masitepe athu ndi opanikiza, machira sangakhote. Tinagwirizana zotsitsa thupi pa lifiti, kachipinda koyenda kokha kaja unakana kulowamo utabwera. Munangokwana machira ndi munthu mmodzi. Mwambo ukuudziwa, namfedwa sachoka kumutu. Mayi Magret analowa, chitseko chinatsekeka, amuna tonse tinathamangira pansi kukalandira.

Lifiti sinafike.

Magetsi analipo, dzuwa lili paliwombo, koma inaima pakati pa nsanjika yachitatu ndi yachiwiri. Nyimbo ya amayi inazima yokha. Pamng'alu wa chitseko pankangotuluka kamphepo kozizira ngati ka m'chitsime.

Ndinachita za ntchito yanga. Ndinaimbira Zaki, makaniko wathu. Iye amvekere ali ku Kanengo, ndithimitse swichi yaikulu, ndipo wina asayerekeze kukanula chitseko, munthu angadulidwe pakati. Kenaka tonse tinakwera kumene inaimako, ine ndinagwada pachitseko n'kumawalimbitsa mtima mayiwo, kuti mpweya ulimo wokwanira, akhale pansi. Anayankha ndi timawu tating'ono kuti akuunika ndi foni, koma nsalu ikungotsetsereka kumaso kwa malemu. Akaibweza, ikutsetserekanso.

Apa m'pamene a Kings anayamba. Amvekere maliro sakana pachabe. Amvekere akakana kuyenda ndiye kuti akuloza amene wawadya, nanga taonani amene atsekeredwa naye. Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anatsika kukatenga chitsulo chomasulira matayala, ndipo sindinadziwe ngati chinali cha chitseko kapena cha mayiwo.

Beatrice, ndinaona kuti mayi ameneyu akatuluka mmenemo sagwera m'manja abwino.

Ndinakweza dzanja kuti onse akhale chete, n'kugunditsa khutu pachitseko. Ndinakhala choncho mpaka khosi kuuma. Kenaka ndinadzuka n'kuwauza uthenga: mawu a bambo Ephraim, akuya ngati ochokera mumtsuko, akuti sapita kulikonse mpaka amene sanabwere kudzawazonda akudwala apepese kwa mkazi amene ankawasambitsa.

Chitsulo chija chinagwa pansi, n'kugubuduka masitepe onse chikulira. Kenaka a Kings anagwada pasimenti, tayi ili lende, n'kupepesa kwa alamu awo kudzera pamng'alu, anthu onse akumva.

Zaki atafika anakwera kuchipinda cha makina n'kuitsitsa ndi manja pang'onopang'ono. Mayi Magret anatuluka thukuta lili kamukamu, ndipo amene anawagwira dzanja ndi a Kings omwewo. Zaki wafufuza lifiti yonse. Akuti palibe chinaonongeka ngakhale kawaya kamodzi.

Dzulo mayiwo, atabwerako kumudzi kumene anakaika, anafika kuno ku 23 kudzathokoza. Ndikuwaperekeza anandinong'oneza kuti mawu aja iwonso anawamva mkati muja, ine ndisanatsegule pakamwa. Akuti malemu anawonjezeranso kuti a Greenwell musavutike nawo, ndidzapita ndekha kukawathokoza.

Ndinaseka, paja umandidziwa. Koma lero kuntchito ndayenda pa masitepe tsiku lonse, mawondo akulira, ndipo lifiti ikatseguka yopanda munthu ndikuyang'ana kumbali.

Chonde mlongo wanga, uwauze abusa ndi amayi a Mvano andiike m'mapemphero, anditchule dzina lonse asalakwitse. Ndipo ngati kachipinda kakuseri kaja mulibe munthu, ukasese. Mwina ndibwera kudzapumako masiku angapo, pamalo poti mlendo wofuna ine asochere.

Moni kwa alamu, kwa Upile ndi ana onse. Ambuye akusungeni, ndipo akupatseni nyumba zosakwera m'mwamba.

Ndine mlongo wako,
Greenwell

Ndikanaiwala. Usauze munthu: pachitseko paja sindinamve kanthu, mawu a malemu ndinapeka ndekha. Nanga mayi Magret anamva ndani?