Achemwali, Munadwalira Kutali Ife Osadziwa

Lero zakwana zaka zinayi, achemwali, chitisiyireni muli kudziko la eni kumene munapita kukaphunzira udokotala wa ziweto. Pabwalo la ndege paja munatsanzika mukuseka, mukuti mukadzabwerako ngakhale nkhuku za amayi zidzakhala ndi dokotala wawowawo.

Bambo ankakutchulani kuti Wailesi, poti mukayamba nkhani wina aliyense ankasowa polowera. Mafoni anu atayamba kufupika, ife tinkangoti ndi mayeso. Chipewa chaubweya chimene munkavala tikamaonana pafoni munkati n'cha kuzizira, ife n'kumakusekani kuti mwakalamba msanga. Sitinadziwe kuti mankhwala a khansa anali atakuthotholani tsitsi lonse. Inu amene munkatikalipira tikazengereza kupita kuchipatala ndi mutu chabe, matenda anu munawasenza nokha poopa kuti amayi angagwe ndi kuthamanga kwa magazi. Tikanangofunsitsa, achemwali.

Tinadzamva kwa mnzanu amene munkagona naye chipinda chimodzi, zinthu zitafika kale poipa. Ndiye ankakuperekezani kokalandira mankhwala, n'kumakudikirani pabenchi mabuku ali pamiyendo. A ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja anakupezerani dokotala, ndi womasulira pamene chilankhulo cha kuchipatalako chinkakukanikani. Akuti panalinso namwino wina wachikulire amene ankakudzozani mafuta kumapazi akatupa. Anthu amenewa timawathokoza ngakhale sitinawaonepo, koma zimatiwawa kuti ntchito yathu anatigwirira ndi alendo. Amayi anakonzeka ulendo, chilolezo n'kuchedwa kutuluka. Anafika pabedi panu patagona kale wodwala wina.

Mpaka pano amayi akamva ndege ikudutsa amasiya chimene akuchita. Bambo salankhula zambiri za inu, amangopukuta chithunzi chanu ndi mkono wa malaya. Alamu akulera bwino mwana wanu. Munamusiya asakutha kumanga zingwe za nsapato, lero ndi amene amawerengera agogo ake zolembedwa pamabotolo a mankhwala. Tsiku lina tili pachakudya anatifunsa ngati panali wokugwirani dzanja pamene munkapita. Tinamuuza kuti analipo. Atafunsa kuti anali ndani mwa ife, tonse tinangoyang'ana m'mbale.

Usani mumtendere, achemwali. Pakhomo pano sitidzakuiwalani.

Ndine mng'ono wanu, m'malo mwa amayi, bambo, alamu ndi mwana wanu.