Dandaulo la Mutu Wanga Umene Mwadula pa Chithunzi

Johannesburg,
Januwale

Kwa Olemekezeka Bambo Jinbao, Katswiri wa Zamalamulo amene sanapondepo khomo la yunivesite,

Landirani moni wanga waulemu. Moyo uli bwanji kumeneko, makamaka pakhosi pamene anakulumikizani? Ine kuno ndili bwino kuyambira m'mapewa kutsika m'munsi. Zakumtunda sindinganene, poti mutu wanga wasowa.

Ndikupereka dandaulo ili monga mwini wa thupi limene mwapachika pakhoma kwa agogo ku Fuqing, kwathu ku China. Azakhali, mwa chisangalalo chawo, atumiza chithunzicho pa foni kwa abale onse. Mkanjo wakuda ndi wanga, pepala la digiri lokulungidwa lili m'manja mwanga, tsikulo linali langa, koma pamwamba pa kolala pali nkhope yanu yamasaya, ikumwetulira ngati yadya kale. Kubako sindikudandaula nako, ndi khalidwe la pabanja pathu. Chandipweteka ndi ntchito yosalongosoka. Mutuwo wakula kuposa mapewa, mwangooneka ngati dzungu lobayidwa pa kamtengo kodyera mpunga.

Tsopano ndisiye kukulemekeza, poti mamina ako ndinkapukuta ndine.

Jinbao, unayang'ana manjawo? Zikhadabo n'zopaka zofiira. Kumanzere kuli chibangili chobiriwira cha Amayi, ndipo pafupi nacho pali chipsera cha mpeni wotsegulira makatoni. Iwe katoni unatsegulapo iti pa moyo wako, kupatula zimene tinkakutumizira?

Ndamva nkhani yonse. Akuti makolo a Peishan, mtsikana ukufuna kukwatirayo, safuna mkamwini wongokonza mafoni pamsika, ndiye agogo aamuna anauza ankhoswe kuti mdzukulu wawo anaphunzira zamalamulo ku Afirika. Sananame kwenikweni. Angolakwitsa mdzukulu, monga mwa masiku onse.

Ndikukumbutse mmene digiri yakoyo inapezekera, kuti apongozi akakufunsa usachite chibwibwi. Makolo athu pobwera kuno kudzatsegula golosale m'katauni ka fumbi ku Free State anatenga ine, iwe nakusiya. Anati mwana wamwamuna asasiye sukulu zabwino za kwathu, koma wamkazi angathandize kuwerengera makandulo. Ndinali ndi zaka khumi. M'kalasi ndinakhala chaka chathunthu ngati mpando, osamva Chingerezi, osamva Chisutu. Anzanga ankakoka zikope zawo ndikamadutsa n'kumanditchula Fongkong, dzina limene kuno amapatsa katundu wonyengezera. Ndinalira nalo dzinalo mpaka kukula. Ndikanadziwa kuti Fongkong weniweni tinamusiya kumudzi akudya ntchafu ya nkhuku, bwenzi ndikuwapatsa keyala yako.

Zinenero ndinaziphunzira kuseri kwa waya wa pakauntala, kwa azimayi otukwana mtengo wa parafini. Posakhalitsa ndinasanduka pakamwa pa banja lonse: kupolisi ine, kwa mwini nyumba ine, kwa anthu a msonkho ine. Tsiku limene mbava zinawombera Bambo, dokotala sanalankhule ndi Amayi. Anawerama, nayang'ana ine, mwana wovala yunifolomu, n'kundiuza kuti ndiwauze amayi anga kuti amuna awo sawona mawa. Ndinawauza, osachotsapo liwu. Mwezi womwewo iwe unaimba foni ukulira kuti nsapato tinakutumizirazo sizinali za mtundu umene unkafuna. Zimenezi uziloweze, ndi phunziro la chaka choyamba.

Kenako zinthu zinayamba kundiyendera, ndipo sindipepesa. Ndinakhoza Chingerezi kuposa eni ake, mphunzitsi amene ankanditchula "China" chifukwa cha ulesi wa lilime anachita kuphunzira dzina langa kuti aliwerenge pamsonkhano. Tsopano ndili pa digiri yachiwiri, ndikuphunzitsanso a chaka choyamba. Chipinda changa n'chaching'ono, magetsi amangothimathima, ndipo mnzanga wogona naye, Palesa, akuti ndikamatsekula botolo la masamba athu owawasa ndizimuchenjeza asamuke. Atawona chithunzi chako anaseka mpaka kutsamwa. Akuti ukasowa mkazi akupezera, malinga ubwere ndi manja omwewo.

Lamlungu lapitali Amayi anaimba kuchokera kugolosale. Ndinkayesa akuti andipepese. Anayamba ndi kufunsa ngati ndadya, kenako anati nditumize mkanjowo msanga kuti udzavale pa phwando la chinkhoswe. Nditawauza kuti unali wobwereka, anati ndigule wina. Nditafunsa kuti nanga ineyo, anayankha mosakweza mawu, uku akubweza chenje kwa kasitomala:

"Iwe ukadzakwatiwa digiriyo ipita kwa eni. Isiye igwireko ntchito pakhomo pano isanapite."

Ndamasulirapo mawu oipa ambiri pa moyo wanga, koma amenewa ndasowa chinenero chowaikamo.

Tsono imva chimene sukuchidziwa. Peishan wandilembera. Ndi mtsikana waulemu, wanditchula kale kuti alamu. Akufunsa kuti unali wophunzira wotani kuno, ndiponso ngati unkavutika ndi chakudya chachilendo. Kumapeto wafunsa, ngati mongocheza, chifukwa chake amuna a ku Afirika amapaka zikhadabo. Ameneyu ali ndi maso, mlongo wanga. Sindinamuyankhebe.

Upereke moni kwa agogo aamuna, uwauze kuti dzina langa ndi Lanfen, mwina aiwala. Moni kwa agogo aakazi, kwa amalume ndi ana awo, ndi kwa azakhali, amene andithandiza kwambiri mosadziwa.

Chipepeso chimene ndikufuna n'chimodzi. Mutu wanga munadulawo musautaye. M'kabati mwa agogo muli chithunzi chako cha Chaka Chatsopano, uli pamiyendo pa agogo aamuna, malaya ofiira, ntchafu ya nkhuku m'manja, mafuta mpaka m'chigongono. Upite nacho kwa wojambula amene anadula mutu wanga uja, achotsepo mutu wako aikepo wanga. Chisoti cha yunivesite asavule, ndipo akalakwitsa kukula kwake zilibe kanthu, tizolowera. Uchipachike pambali pa chinzakecho, pamene alendo onse azichiona. Iwe watenga tsiku langa limodzi, ine ndikufuna lako limodzi. Ndikuona kuti wapindula ndiwe, koma ine ndine wachifundo.

Ndilandire chithunzi cha khomalo Chaka Chatsopano chathu cha ku China chisanafike. Chikapanda kubwera, ndimuyankha Peishan, ndipo ukudziwa mmene ndimagwirira ntchito yanga. Sindichotsapo liwu.

Ndine achemwali ako,
mwini thupi,
Lanfen